Tisamanamizire Mulungu Maganizo Athu

Anzanga owerenga, sabata ino ndikhumudwitsa ena, koma mundipirire mpaka kumapeto. Ine ndine Mkhristu. Ndimapemphera, ndimasala kudya, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amalankhula ndi anthu ake. Chimene chanditopetsa ndi mawu awiri amene masiku ano akutuluka m'kamwa mwathu mosavuta ngati moni: “Mulungu wandiuza.” Mnyamata akasirira mtsikana wa mukwaya, Mulungu wamuuza. Mayi akayambana ndi apongozi, Mulungu wamuonetsa kumaloto kuti ndi mfiti. Bambo akalephera pa chisankho cha akulu a mpingo, Mulungu wamuuza kuti akayambitse wake. Kodi abale, Mulungu ameneyu bwanji amangovomerezana ndi zofuna zathu tsiku lililonse?

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, mungati ndikuloza anzanga chala. Geni yanga ndi ya tomato. Ndimapikula ku Lizulu n'kumagulitsa pa benchi mumsika kuno ku Lilongwe. Chaka china mu Seputembala, ndili pa mapemphero a usiku wonse, ndinamva mumtima mawu omveka bwino akuti ndikulitse geni, nthawi yanga yakwana. Thupi lonse linachita tsemwe. Kutacha ndinakatenga ngongole ku banki mkhonde, n'kuwonjezera ya katapila, n'kukapikula madengu kuwirikiza kanayi mmene ndinkatengera. Mayi amene timayandikana benchi, amene anayamba geniyi ine ndili ku pulayimale, anandikokera pambali n'kunena kuti, “Mwananga, mwezi uno tomato wadzaza paliponse. Dikira mvula igwe, mtengo ukwere.” Ndinawayankha kuti iwo akuona ndi maso a thupi, ine ndikuyenda mwa Mzimu. Pasanathe sabata, theka la katundu linali litawola. Ngongoleyo ndinaibweza miyezi 7, ndipo mwana wanga anakhala pakhomo masabata atatu chifukwa cha fizi.

Mutu utazizira ndinadzifunsa kuti mawu aja anachokera kuti. Yankho linandichititsa manyazi. Sabata yomweyo mnzanga amene tinayambira limodzi geni anali atakhoma malata nyumba yake, ine n'kupita kukaiona. Pakamwa ndinamuyamikira, mumtima mukuwawa. Nsanje imeneyo ndi imene ndinalowa nayo m'tchalitchi usiku uja, ndipo inandilankhula ndi mawu okhala ngati a m'Baibulo. Choopsa n'chakuti sindinkanama. Ndinamvadi, ndipo ndinali wotsimikiza. Apa ndi pamene ambirife timagwera: timayesa kuti chinthu tikachimva mwamphamvu, misozi n'kutuluka, ndiye kuti chachokera kumwamba. Nsanje nayonso imabwera mwamphamvu. Mantha, chilakolako ndi mkwiyo, zonsezi zimadziwa kudzutsa munthu pakati pa usiku.

Musaganize kuti izi zimangogwera ife a mumsika amene sitinapite ku sukulu ya ubusa. Tsegulani 2 Samueli 7. Davide anauza mneneri Natani za maganizo ake omangira Mulungu nyumba, Natani n'kumulimbikitsa nthawi yomweyo kuti achite, poti Mulungu ali naye. Usiku womwewo Mulungu anamubweza Natani kuti akasinthe mawu, chifukwa womanga nyumbayo sanali Davide. Mneneri weniweni, koma tsiku limenelo analankhula za m'mutu mwake. Pa 1 Samueli 16, Samueli ataona Eliabu, ndi msinkhu wake ndi maonekedwe ake, anatsimikiza kuti mfumu ndi imeneyi. Analakwitsa. Pa Mateyu 16, Petro ananena zoona za Yesu zimene Atate anamuululira, koma m'mutu womwewo, mavesi ochepa kutsogolo, Yesu anamudzudzula koopsa chifukwa choganiza za anthu. Pakamwa pamodzi, mawu a mitundu iwiri. Tsono ngati Natani, Samueli ndi Petro ankasokoneza, inu ndi ine ndife ndani kuti tizinena kuti sitingaphonye?

Palinso Hananiya wa pa Yeremiya 28. Iyeyu anauza anthu zimene ankafuna kumva, kuti pasanathe zaka ziwiri goli la Babulo lithyoka, mpaka anathyola goli limene Yeremiya anavala pakhosi anthu akuona. Uthenga wokoma, wochititsa kuwomba m'manja. Koma sanatumidwe, ndipo anamwalira chaka chomwecho. Uthenga wa Yeremiya, wa zaka 70, unali wowawa, koma ndi umene unali woona.

Ife a mumsika tili ndi nzeru imodzi imene timaisiya pakhomo la tchalitchi. Kasitomala akandipatsa K5,000 madzulo, sindiiponya m'chikwama chifukwa choti wavala bwino. Ndimaikhudza, ndimaiyang'ana powala, ndikakayika ndimaonetsa wa benchi ina. Palibe amene amati ndanyoza ndalama. Ndimaiyesa chifukwa ndikudziwa kuti yeniyeni ilipo, ndipo ndi yamtengo. Nanga bwanji mawu onena za ukwati, za mpamba wonse, za moyo wa munthu, timangowameza osawayesa?

Ndikudziwa chimene ena munene: “Amayi inu mukuzimitsa Mzimu.” Werengani bwino 1 Atesalonika 5. Pamalo pomwepo pamene Paulo akuletsa kuzimitsa Mzimu ndi kunyoza mauneneri, akulamulanso kuyesa zonse n'kusunga zabwino zokhazo. Ife tinatenga theka loyamba, linalo n'kulisiya. Yohane naye, pa 1 Yohane 4, akuchenjeza kuti si mzimu uliwonse woyenera kuukhulupirira. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17 ankafufuza m'Malemba zimene Paulo mwini wake ankaphunzitsa, ndipo anayamikiridwa, sanadzudzulidwe.

Ena muti, “Chikhulupiriro sichifunsa anthu.” Ndiye mwana uja Samueli bwanji? Ataitanidwa usiku, katatu konse anathamangira kwa Eli. Anali nkhalamba ija, ya maso ofooka, imene inazindikira kuti woitanayo ndi Mulungu n'kumuuza mwanayo choyankha. Mawu ochokera kwa Mulungu saopa kumvedwa ndi munthu wachiwiri. Amene amakuuzani kuti “musauze aliyense, angakulandeni dalitso” akuopa china chake. Safunsa anadya phula.

Zimenezi si nkhani yongotsutsana pa mavesi. Anthu akupweteka. Alipo amene anasiya kumwa ma ARV chifukwa mumtima anamva kuti achira, ndipo tinawaperekeza ku manda. Zilipo nkhalamba zimene zikugona ndi mantha m'midzi chifukwa mdzukulu analota. Mu 2023 ku Kenya, m'nkhalango ya Shakahola, kunafukulidwa mitembo yoposa 400, ina ya ana, ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Musati zimenezo n'zakutali. Zimayamba pang'onopang'ono, tsiku limene anthu avomereza kuti munthu akati “Mulungu wandiuza,” mafunso onse atha.

Tsono timasiyanitsa bwanji? Sindine m'busa, koma tomato uja anandiphunzitsa mafunso amene ndimadzifunsa tsopano.

Loyamba: zimenezi zikugwirizana ndi zimene Mulungu ananena kale? Sangakuuzeni kuti mwamuna wa mwini ndi wanu. Sangakutumeni kukanyoza amayi anu. Amene analetsa umboni wonama sangakupatseni loto loti mukatchule mnansi kuti ndi mfiti.

Lachiwiri: apindula ndani? Ngati mawu amene ndikumva akundituma komwe ndinkafuna kupita kale, akundikweza ine, akutsitsa amene ndinayambana naye, ndimakayika kaye. Sindikuti Mulungu safuna zabwino zathu. Ndikuti pamene mtima ukulakalaka kwambiri ndi pamene umanama bwino kwambiri.

Lachitatu: kodi angadikire? Wogulitsa katundu wowola ndi amene amakukakamiza kuti ugule pompano, usatsegule dengu. Ndikanadikira masiku atatu okha, nsanje ija ikanaphwa, ine n'kuona msika mmene unalili.

Lachinayi: anthu okhwima amene amandidziwa, amene alibe choti apindule, akuti chiyani? Lero ndimakhulupirira kuti tsiku lija Mulungu analankhuladi nane, koma kudzera mwa mayi a pa benchi aja. Ine ndinkafuna tsemwe, Iye n'kunditumizira munthu wodziwa nyengo ya tomato.

Mungafunse ngati ndinayamba ndamvapo mawu amene ndimati anali a Mulungu. Inde, kamodzi ndilibe nako chikaiko. Ndinali ndi chizolowezi choika tomato wobooka pansi pa mulu, wabwino pamwamba, monga ambiri timachitira. Tsiku lina ndikupanga mulu, mtima unanditsutsa mwakachetechete kuti ndikuba. Panalibe tsemwe, panalibe loto. Sindinafune kumva, ndinayesa kudzikhululukira kuti aliyense amatero, koma mawuwo sanachoke kwa masabata. Anagwirizana ndi Malemba, amene amadana ndi miyeso yachinyengo. Sanandilonjeze malata, anandidyera phindu. Amenewo ndiye ndimawakhulupirira.

Pempho langa kwa inu ndi laling'ono koma lovuta. Tiyeni tiphunzire kunena kuti “ndikuganiza,” “ndikufuna,” “ndapemphera ndipo ndikuona ngati.” Mnyamata iwe, ngati wamukonda mtsikanayo, muuze kuti wamukonda, umusiyire ufulu wokana. Ukati Mulungu wakuuza, wamuika pa mpanipani woti akakukana ndiye kuti wakana Mulungu. Imeneyo ndi nkhanza. Lamulo loletsa kutchula dzina la Mulungu pachabe, la pa Eksodo 20, silikunena za kulumbira kokha. Kumata dzina lake pa maganizo ako kuti anthu asakutsutse n'kulitchulanso pachabe.

Ndipo tikaphonya, tizivomera. Natani anabwerera kwa mfumu kukakonza mawu ake. Ife zikalephereka timati ndi adani, ndi mizimu ya kwathu, kapena wolandira uneneriyo analibe chikhulupiriro. Ine ndinatha miyezi iwiri ndikunena kuti wina anandilodzera tomato. Tsiku limene ndinapita kwa mayi aja n'kunena kuti, “Amayi, munkanena zoona, aja anali maganizo anga,” anangoseka, n'kundibwereka dengu limodzi loti ndiyambirenso.