Mphatso za aphunzitsi zisasanduke thangata

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndilankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo chitsekereni sukulu mu Julayi. Ine ndine bambo wachikulire. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, poyamba ngati wothyola tiyi, kenaka kapitawo, ndipo tsopano ndinapuma. Anzanga a m'mudzi anandisankha kuti ndikhale mu komiti ya sukulu ya pulayimale kumene adzukulu anga amaphunzira. Dzina la sukuluyo sinditchula chifukwa sindikufuna kuchititsa munthu manyazi, komanso pa mlandu umene ndifotokozewu ineyo ndili ndi mbali yanga.

Kutatsala milungu itatu kuti titsekere, komiti yathu inakhala pansi nkugwirizana kuti chaka chino tiwathokoze aphunzitsi. Ganizolo linali labwino ndithu. Pamene tinaphonya ndi apa: tinalamula kuti mwana aliyense abweretse K2,000, mayina a opereka alembedwe m'kope, ndipo aziwerengedwa pa asembule m'mawa uliwonse kuti otsalawo achite changu. Ine ndinakweza nawo dzanja.

Tsiku lotsekera litafika, aphunzitsi anayamba kulengeza zotsatira za mayeso kalasi ndi kalasi, makolo tili pansi pa mtengo, amayi akululutira. Atafika pa Sitandade 4 anaitana mtsikana amene anakhala nambala 2. Anaitana kawiri, katatu, koma kunali zii. Mwanayo ndimam'dziwa, ndi wa mayi wamasiye woyandikana nane nyumba. Madzulo ndinapita kukafunsa ngati wadwala. Mayi ake anandipatsa mpando nati, "Bambo, mwana sakudwala ayi. Pasukulupo ndili ndi ana atatu, ndiye K6,000 ndikanaitenga kuti? Ntchito ya sizoni inatha mu Meyi." Anandionetsa kabeseni ka mbatata ndi mtolo wa nzimbe zimene anakonza kuti mwanayo akapatse amadamu ake. Mwanayo anakana kunyamula, akuti anzake akamuseka poti mbatata salemba m'kope. Atangomaliza kulemba mayeso anasiya kupita kusukulu, kuthawa kuwerengedwa kwa mayina kuja. Chaka chonse anakhetsa thukuta, koma tsiku loti amuombere m'manja analitha ali kuseri kwa nyumba.

A Mkonzi, anthu akutali akamva za Thyolo amaganiza za minda yobiriwira ya ku Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, ndiye amayesa kuti kuno ndalama zimangoyoyoka ngati mapeyala. Ife amene tinasenzapo dengu kumsana tikudziwa kuti tiyi ali ndi nyengo yake. Amaphukira kwambiri nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Mvula ikaleka masamba amachepa, antchito a sizoni amaimitsidwa, ndipo ngakhale otsala pa ntchitowo makilo awo pa sikelo amatsika. Tsono chaka cha sukulu chimatha mu Julayi, pakati penipeni pa chiperoni, pamene m'thumba mwa wothyola tiyi muli mphepo yokhayokha, nandolo wouma wogulitsa asanafike. Kale anthu a ku Thekerani ndi ku Masambanjati amadalira nthochi zimene zimabweretsa kangachepe mwezi uliwonse, koma matenda a chisaka anapululutsa minda yambiri. Mabanja ena sanadzukebe chiwagwetsereni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Zonsezi ine ndimazidziwa bwino lomwe, komabe pa komiti paja ndinaziiwala chifukwa adzukulu anga awiri ndikanatha kuwalipirira.

Usiku umenewo ndinakumbukira mawu amene agogo anga samawatchula popanda kulavula malovu, mawu akuti thangata. Achinyamata ambiri sadziwa kuti poyamba mawuwa anali okoma. Kuthangata kunali kuthandizana: mnzako wakuitana kumunda kwake, mwalima limodzi, mwamwa thobwa, mawa iye abwera kwako. Azungu atatenga malo m'mapiri muno, mawu omwewo anasanduka goli. Banja lokhala pa malo a esiteti limayenera kugwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi, nthawi yomweyo imene munda wake umafuna khasu, ndipo wokana amathamangitsidwa. Makolo athu ambiri, makamaka Alhomwe amene anachokera ku Mozambique, analilawa goli limeneli. Linali limodzi mwa madandaulo amene anautsa John Chilembwe mu 1915, linali m'mitima ya anthu pa chipwirikiti cha kuno ku Thyolo mu 1953, ndipo linadzathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Ntchito ya khasu inali yomweyo, kale ndi pambuyo pake. Chimene chinasintha nchakuti panabwera kope la mayina, mlingo woikidwiratu, ndi chilango kwa wolephera. Kodi si zinthu zitatu zomwezi zimene komiti yathu inaika pa mphatso ya aphunzitsi? Kodi manyazi pa asembule si chikwapu kwa mwana wa zaka 10?

Wina asandimve molakwa nkumati mkuluyu akudana ndi aphunzitsi. Ayi ndithu. Palibe mphunzitsi amene anapempha ndalama ija, ndipo a hedi anaonetsa kukayika, ife tinachita kuwakakamiza. Ngati alipo anthu oyenera kuthokozedwa m'dziko muno ndi amenewa. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni nkufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo makalasi sanapumepo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma lowani mu Sitandade 1 pa sukulu za m'midzi muno mudzapeza ana opitirira 100 atakhala pansi, mayi mmodzi ataima kutsogolo ndi choko, mawu atasasa. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mphunzitsi amagula shuga ndi sopo pa golosale yomweyo imene timagula ife. Ambiri ndi ochokera kutali, alibe munda kuno, ndipo ku Thyolo malo olima ndi osowa ngakhale kwa ife eni dera. Kuwathokoza nkoyenera. Ine ndikutsutsa kathokozedwe kake.

Taganizaninso izi. Sukulu inakhala yaulere kuti mwana wa wosauka asamabwezedwe pakhomo la kalasi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linanenetsa kuti mwana aliyense aphunzire pulayimale. Tsono ife makolo tikamabweza fiziyo kudzera pazenera, nkuipatsa dzina lokoma loti mphatso, tikuthandiza yani?

Nkhani ina imene tiyenera kuilankhula mosabisa ndi ya nthawi yoperekera. Mayeso a Sitandade 8 amayendetsa ndi a MANEB, ndiye mphunzitsi wa pasukulupo sangasinthe kanthu. Koma kuyambira Sitandade 1 mpaka 7 wochonga mayeso ndi mphunzitsi wa kalasi yemweyo, ndipo ndiye amadziwa amene akhoza ndi amene abwereze. Nkhuku ikafika pakhomo pa mphunzitsi kutatsala sabata kuti mayeso ayambe, ngakhale mwini nkhukuyo akhale ndi mtima woyera ngati ufa, m'mudzi simulephera kulankhulidwa. Mwana wa mwini nkhuku akakhoza, anthu amati yakhoza ndi nkhuku. Mwamuipitsira mbiri mphunzitsi wosalakwa, mwamuchotseranso ulemu mwana amene anawerenga yekha. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, koma pa nkhani ya mayeso mwambi umenewu usiyeni kunyumba. Dikirani zotsatira zilengezedwe, sukulu lipoti ifike m'manja mwa mwana, pamenepo perekani. Ndipo kholo la mwana amene walephera likapereka, mphatso imeneyo ndiye yoona kuposa zonse, poti palibe anganene kuti yagula kanthu.

Ndaonanso kuti mphatso zimakonda kuthamangira kwa aphunzitsi a Sitandade 8, makamaka ana akasankhidwa kupita ku sekondale. Mbuzi imapita kumeneko, zitenje kumeneko. Nanga mayi uja amene anagwira kadzanja ka mwanayo nkumuphunzitsa kulemba a, e, i, o, u, amene amamupukuta mamina ndi kumuperekeza kuchimbudzi? Wothyola tiyi sangadzitame ndi makilo kuiwala amene anasamala mbande ku nazale. Zimene makolo abweretsa ziikidwe pamodzi, zigawidwe kwa aphunzitsi onse.

Tsono tipereke chiyani? Ana athu a m'tauni amationetsa pa Facebook zimene amachita ku sukulu zolipira za ku Blantyre: makeke, maluwa okulunga m'pepala, makapu olembedwa mawu a Chingerezi. Zimenezo nzawo, ali ndi matumba ake. Mphunzitsi wa kwathu kuno maluwa angawathire mu mphika? Mu Julayi m'midzi muno ndalama mulibe koma zinthu zilimo: mbatata, chinangwa, nzimbe, nandolo wamuwisi, mazira, mtolo wa nkhuni. Musaderere nkhuni. Kuno nkhuni ndi golide, ndipo mphunzitsi amene amachoka m'kalasi masana nkukayamba kuchonga makope alibe nthawi yokazifuna. Amene ali ndi kandalama napereka mwa kufuna kwake, komiti igulire zinthu zogwira ntchito: ambulera ya m'chiperoni, tochi yochongera makope usiku, ndowa, chitenje. Za paketi ya tiyi sindikuletsa, koma kumbukirani kuti tiyi wopanda shuga ndi mankhwala.

Palinso mphatso ina yosafuna tambala, ndiyo manja athu. Nyumba zambiri za aphunzitsi zimadontha, zimbudzi zake zinagumuka, bafa ndi la udzu wowola. Tchuthi chachikuluchi amuna a m'mudzi titagwirizana masiku awiri okha tikhoza kukumba chimbudzi, kumata ming'alu ndi kumanga khitchini, amayi nkuzira. Kumeneko ndiye kuthangata kwa makolo kuja, kusanaipitsidwe. Munthu wopanda ndalama amabwera ndi khasu lake nkuima mofanana ndi mwini golosale.

Yachitatu ndi kalata. Ine pa esiteti ndinaona kuti wantchito amasunga kapepala komuyamikira zaka makumi awiri, pamene bonasi amaidya sabata imodzi. Komiti ilembe kalata yoyamikira mphunzitsi amene sajomba, amene anayendera mwana wodwala, amene anabweza mtsikana kusukulu atatsala pang'ono kukwatiwa. Kalatayo isainidwe ndi a mfumu, iwerengedwe pamaso pa anthu, ina ipite kwa a PEA kuti nawonso akuluakulu a maphunziro adziwe. Ife makolo timadziwa njira ya ku ofesi ya a PEA pokhapokha tikafuna kuti mphunzitsi asamutsidwe.

Chenjezo limodzi kwa amayi ndi abambo anzanga: mphatso iperekedwe poyera, pa bwalo la sukulu, kapena kholo lipite lokha. Musatume mtsikana yekha kunyumba kwa mphunzitsi wamwamuna madzulo ndi kabeseni pamutu. Aphunzitsi ambiri ndi anthu aulemu wawo, koma mwambo umenewu umaika mwana pa chiswe, umaikanso mphunzitsi pakamwa pa anthu.

Kwa inu abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi mashehe, pempho langa ndi ili. Mawu anu amafika kumene kalata ya komiti sifika. Sukulu zambiri kuno zinayambitsidwa ndi mipingo, monga a Malamulo ku Makwasa amene akhala akuphunzitsa anthu kuyambira 1902, ndipo ambiri a inu mumakhala nawo m'makomiti. Sabata lotsatira kutsekera kwa sukulu, aimitseni aphunzitsi m'kachisi, anthu awaone, muwapempherere. Koma mukamva kuti komiti yaika mlingo wa ndalama pa mutu wa mwana aliyense, kapena kuti sukulu lipoti ya mwana yagwidwa chifukwa sanasonkhe, dzudzulani msanga. Nkhani ya mkazi wamasiye ndi timakobiri take tiwiri mumailalikira chaka ndi chaka. Wamasiye ameneyo ali m'mudzi mwanu, ndipo timakobiri take masiku ano ndi kabeseni ka mbatata.

Za mbatata zija, m'mawa mwake ndinaperekeza mayiyo ndi mwana wake kwa amadamu a Sitandade 4. Amadamuwo anagwada polandira, nkutulutsa sukulu lipoti imene anasunga, namuuza mwanayo kuti anakhala nambala 2. Mwanayo sanayankhe, anangoyang'ana pansi akukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Kaya adzaiwala liti, ine sindidziwa.

Sukulu zikatsegulidwa mu Seputembala ndikapempha anzanga a komiti kuti kope lija ling'ambidwe, kuti chaka chamawa tidzaike dengu limodzi pakhomo la ofesi ya a hedi zotsatira zitalengezedwa, lopanda wolemba mayina, komanso kuti tikapepese kwa makolo amene ana awo tinawachititsa manyazi. Ndikudziwa kuti ena akandinena kuti ndayalutsa za m'komiti m'nyuzipepala, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikufuna kumvanso kwa aphunzitsi eni ake, makamaka a ku Bvumbwe, Luchenza, Goliati ndi Thekerani, atilembere pa tsamba lomwe lino kuti mphatso imene inawakhalitsa mumtima inali yotani.



Kapitawo wopuma,
Thyolo.