Kuvulala ubongo pangozi: chithandizo n'chaulere, koma banja limalipira kwa zaka

Kabaza wa njinga zamoto wafewetsa maulendo m'matauni ndi m'midzi, koma ngozi zake zikutumiza anthu ambiri kuchipatala atavulala m'mutu. Ngozi ikachitika timawerenga amene amwalira. Opulumuka ali ndi ubongo wovulala samveka, chonsecho iwo ndi abale awo ndiwo amasenza mtolo kwa zaka zambiri.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ambiri mwa achinyamatawa ndi amene mabanja amawadalira.

Chimachitika n'chiyani m'mutu?

Ubongo ndi wofewa, koma umakhala m'chigaza cholimba. Mutu ukamenyetseka, ubongo umagunda chigaza, mitsempha imatha kuduka, magazi n'kumaunjikana mkati. Poti chigaza sichifutukuka, magaziwo pamodzi ndi kutupa zimapanikiza ubongo. N'chifukwa chake wina amadzuka pamalo angozi akulankhula bwinobwino, koma n'kudzakomoka patapita maola.

Madokotala amayeza kukula kwa vutoli ndi mlingo wa Glasgow Coma Scale, womwe umayambira 3 mpaka 15. Amaona ngati wodwala akutsegula maso, akuyankha komanso akusuntha ziwalo. Akapeza 8 kapena kutsika pamenepo, ndiye kuti wavulala kwambiri.

Ndalama zimapita kuti?

M'zipatala za boma wodwala salipira, koma sizitanthauza kuti banja siliwononga kanthu. Makina a CT scan ounikira m'mutu sapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma, ndipo akatswiri a opaleshoni ya ubongo ndi ochepa. Amapezeka makamaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Wovulalira ku Nsanje kapena ku Chitipa ali ndi ulendo wautali.

Wodwala akagonekedwa pamafunika gadiyani. Nthawi zambiri amakhala mkazi wake, mayi ake kapena mchemwali wake, yemwe amasiya munda kapena geni kwa masabata. Pamenepa anthu awiri asiya kupezera banja ndalama nthawi imodzi, pomwe thiransipoti, chakudya, sopo ndi mayunitsi zikufunika tsiku lililonse.

Kutuluka m'chipatala si mathero. Ena amafunika mafizo kwa miyezi kuti ayambenso kuyenda ndi kulankhula, monga omwe amachitika ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Ena amayamba kudwala khunyu ndipo amamwa mankhwala kwa nthawi yaitali. Apa m'pamene mabanja amagulitsa mbuzi, kubwereketsa munda, kulowa ngongole kubanki mkhonde kapena katapila, ana n'kusiyira sukulu panjira.

Mabala osaoneka

Chilonda chapamutu chikapola, anthu amati wachira. Koma mbali ya kutsogolo kwa ubongo ndiyo imathandiza munthu kuganiza mwadongosolo ndi kudziletsa. Ikawonongeka, bambo wofatsa amayamba kupsa mtima msanga, kuiwalaiwala kapena kulankhula zosayenera pagulu. Ena amavutika ndi mutu, kusowa tulo ndi kukhumudwa kwambiri.

Kusamvetsa izi kumapweteka kawiri. Wodwala amatchedwa waulesi kapena wamisala, abale n'kuyamba kulozana zala kuti walodzedwa, ndalama zina n'kuthera kwa asing'anga. Maukwati amagwedezeka, ndipo wosamalira wodwala naye amatopa popanda womufunsa kuti ali bwanji. Kusintha khalidwe kotereku ndi chizindikiro cha kuvulala, ndipo n'koyenera kuwauza achipatala.

Mungachite chiyani?

Valani helemeti ndipo mumange lamba wake, kaya ndinu woyendetsa kapena wokwera. A WHO amati kuvala bwino helemeti kumachepetsa chiopsezo chovulala ubongo mpaka kufika pa 74 peresenti. Wakabaza amene alibe helemeti ya wokwera, musiyeni adutse.

Munthu akamenyetsa mutu, thamangirani naye kuchipatala ngati anakomoka ngakhale pang'ono, akusanza mobwerezabwereza, mutu ukupwetekerapwetekera, akuwodzera mosadzutsika, akusokonezeka, akugwa ngati wakhunyu, kapena akutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno. Pomunyamula musagwedeze khosi lake. Musamupatse mowa, ndipo asagone yekha usiku woyamba.

Kanenani ngoziyo kupolisi ndipo sungani lipoti, mapepala akuchipatala ndi malisiti onse. Malamulo a zapamsewu amafuna kuti galimoto ndi njinga yamoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo mapepalawa ndiwo amafunika pokapempha chipepeso. Njinga ikakhala yopanda inshuwalansi, nthawi zambiri mtolo wonse umatsalira banja la wovulalayo. Funsani za inshuwalansi ndi helemeti musanakwere.