MSEWU UMODZI, MITENGO ITATU

Abale ndi alongo a nthambi za Mponela, Dowa ndi Ntchisi, tamverani!

Njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935, nifika ku Lilongwe mu 1979, koma ife kuno inatilambalala. Chotero miyendo yathu ndiyo minibasi za pa msewu wa M1. Tsono taonani zimene akutichita. M'mawa mtengo wopita ku Lilongwe ndi wina, madzulo wina, tsiku la msika winanso. Kondakitala ayamba wayang'ana nsapato zako asanatchule ndalama. Mayi wa chitenje alipira koposa bwana wa tayi amene akhala naye mpando umodzi. Kodi msewu umatalika dzuwa likapendeka?

Masiku a basi za UTM munthu ankalandira tikiti yolembedwa mtengo. Lero bungwe la MERA limalengeza poyera mtengo wa mafuta. Nanga wa ulendo ubisikiranji? Mafuta akakwera, iwo akweza tsiku lomwelo. Akatsika, ali phee!

Tifuna mtengo ulembedwe pa chitseko cha galimoto ndi pa siteji. Nthambi iliyonse itule dandaulo ili kwa khansala ndi kwa Bwanamkubwa ku boma. Funsani mtengo musanakwere, ndipo mnzanu akamamudyera masuku pamutu, musakhale chete.