Mlatho unapita, nanga mapepala ake ali kuti?

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, tiyeni tikambeko za msonkho.

Ife aphunzitsi amatidula PAYE malipiro asanafike n'komwe m'manja. Mlimi wa thonje naye amalipira VAT akagula mayunitsi a foni. Choncho mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza, umene unawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, unali katundu wa tonsefe.

Ena amati ndi mphamvu ya madzi basi. Zoona, madzi anali ambiri. Koma amene munamvetsera m'kalasi mukudziwa kuti madzi othamanga amakumba mchenga kunsi kwa zipilala, ndipo mainjiniya amawerengeratu zimenezi asanayambe kumanga. Ndiye zipilalazo zinazama mamita angati? Anayeza dothi ndani? Ndalama zinapita zingati? Mayankho ake ali m'mafayilo a boma.

Kale mukafunsa ankangoti ndi chinsinsi. Pano pali lamulo la Access to Information. Aphungu analivomereza mu 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Limalola Mmalawi aliyense kulembera ofesi ya boma kupempha zikalata, ndipo akakukanizani mutha kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission.

Vuto lathu timangolira pa WhatsApp. Inu amene muli ku Blantyre ndi ku Lilongwe, lembani kalata ku Roads Authority. Akakuyankhani mutitumizire, tidzawerenge limodzi ndi a Fomu 4. Akapanda kuyankha mutiuzenso, pakuti kukhala chete nakonso ndi yankho.