Ndemanga: Galu womvera mwini wake

Pa mageti ambiri ku Area 47 mu Lilongwe kapena ku Namiwawa mu Blantyre pali zikwangwani zochenjeza kuti m'kati muli agalu olusa. Eni nyumba amanyadira ukali umenewu. Koma tsiku limene geti latsala lotsegula, galu n'kuthamangitsa mwana wopita kusukulu, tamverani mwini wake akukuwa dzina la galuyo mpaka mawu kusasa, galu osacheuka n'komwe. Pamenepo m'pamene timadziwa kuti pakhomopo palibe amene amamulamula.

Ambiri timaganiza kuti galu wolondera bwino ndi wolusa. N'chifukwa chake ena amamutsekera m'kakhola usana wonse kuti asazolowere anthu, ena amamuthirira tsabola kapena chamba mu nsima, ena amamumenya dala kuti mtima uwume. Zotsatira zake ndi galu wamantha, ndipo galu wamantha amaluma aliyense: wakuba, wowerenga mita ya madzi, agogo obwera kudzacheza, ngakhale mwana wa m'nyumba momwemo. Zinkakhalako bwino pamene agalu athu anali am'mudzi, ochepa thupi. Lero anthu akugula tiana ta Boerboel ndi Rottweiler m'mphepete mwa msewu, osaganiza kuti Boerboel wamkulu amapitirira makilogalamu 60. Galu wotere akakoka chingwe, mnyamata wa kumaluwa sangamuletse.

Kuphunzitsa galu si zachizungu ayi. Alenje akumudzi akhala akuchita kuyambira kale. Popita ku uzimba, mlenje amangoimba likhweru agalu onse n'kubwerera, ndipo galu wogwira kalulu amamusiyira mbuye wake. Sanamuphunzitse ndi chikwapu chokha. Amayenda naye tsiku ndi tsiku, ndipo akachita bwino amamuponyera matumbo.

Njira yake ndi yomweyo mpaka lero. Kuwongola mtengo m'poyamba: kagalu kasanakwanitse miyezi itatu kamazolowera msanga anthu, ana, nkhuku, phokoso la njinga zamoto, ndiponso kugwiridwa makutu ndi miyendo. Mawu ofunika ndi ochepa: bwera, khala, siya. Sungani usipa m'thumba. Mwanena kuti bwera, galu wabwera, mupatseni kausipa nthawi yomweyo, osati patapita mphindi, chifukwa galu amagwirizanitsa mphotho ndi chimene wangochita kumene. Mphindi zisanu m'mawa, zisanu madzulo, zakwana. Cholakwa chachikulu n'kumuitana kuti mum'menye. Wabwera, mwamumenya, ndiye kuti mwamuphunzitsa kuti mawu akuti bwera amatanthauza ululu, ndipo mawa adzathawa. Komanso pakhomo ponse pagwiritsidwe ntchito mawu amodzimodzi. Bambo akamati khala, mayi n'kumati gona, mlonda n'kumangokuwa, wosokonezeka ndi galu.

Nkhaniyi ikukhudzanso matenda a chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 100 alionse omwalira, 40 amakhala ana osakwana zaka 15. Akatswiri amati kuti matendawa aleke kufala m'dera, agalu 70 mwa 100 alionse ayenera kulandira katemera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito imeneyi mu mzinda wa Blantyre, ndipo chaka chomwecho linabaya agalu oposa 35,000. Koma katemera amafika kwa galu amene angagwirike. Galu wozolowera chingwe, ngakhale mwana wa Sitandade 5 amamufikitsa pamalo obayira. Wosagwirika amatsala kunyumba, kapena anthu amamuthamangitsa ndi maukonde, ndipo ena amawapulumuka. Ndiye galu amene mwini wake amamutama kuti ndi wolusa kwambiri ndi amenenso kawirikawiri sanabayidwe.

Wina anena kuti galu wophunzitsidwa amafatsa, akuba adzangolowa. Kuuwa mlendo usiku galu amabadwa nako, ndipo chimene wakuba amaopa kwambiri ndi phokoso lodzutsa anthu. Maphunziro amangowonjezera kuti mukanena kuti siya, asiye.

Amene muli ndi galu wamkulu kale yemwe analumapo munthu, musayese kumuphunzitsa nokha. Funsani alangizi a ziweto m'dera lanu, kapena mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre, ndipo pakadali pano asatuluke kumpanda wopanda chingwe. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo akhale wanu.