Refu naye mutu umatopa

Anzanga, mawu omwe timawakonda kwambiri pagalaundi pathu ndi akuti "refu wagulidwa!" Wezulo ikangolira mosatikomera, basi tayambapo. Koma ine ndikuti nthawi zambiri woyimbira mpira akalakwitsa amakhala atatopa, ndipo kutopako kumafika mpaka m'mutu.

Tangoganizirani ntchito yake. Pamasewero akuluakulu refu amathamanga makilomita 10 kapena kuposerapo m'mphindi 90. Wosewera akalema amasinthidwa, mpira ukakhala kutali goloboyi amapumako. Nanga refu apuma nthawi yanji? Maso pa mpira, maso pa osewera 22, maso pa wotchi, kwinaku akukumbukira yemwe wamupatsa kale kadi yachikasu. Mlandu wa penate ayenera kuugamula pompopompo, ali wefuwefu. Thupi likatentha, madzi n'kutha ndi thukuta, ubongo umachedwa kumasulira zimene maso aona. Paja ngakhale ifeyo timadziwa mmene funso lomaliza la masamu limavutira mayeso akakhala a masana.

Mukumukumbukira Janny Sikazwe wa ku Zambia? Ameneyu sanali refu wamba: anayimbira fainolo ya AFCON mu 2017, anayimbiranso ku World Cup ya 2018 ku Russia. Koma pa 12 Januwale 2022, ku Limbe m'dziko la Cameroon, Tunisia ikusewera ndi Mali masana dzuwa likuswa mtengo, iye analiza wezulo yothetsa masewero pa mphindi 85. Atamuuza, mpira unapitirira, koma anauthetsanso mphindi 90 zisanakwane. Mali inapambana 1-0, a Tunisia anakwiya koopsa, anthu pa intaneti anamuseka. Kenako zinamveka kuti kutentha kunamusokoneza, moti anapita naye kuchipatala. Mu 2006 nako, pa World Cup ya ku Germany, Graham Poll wa ku England anapatsa Josip Šimunić wa Croatia makadi achikasu atatu asanamutulutse, pomwe lamulo limati awiri basi. Kadi yachiwiri ndi yachitatu zonse zinabwera kumapeto kwa masewero.

Ngati akatswiri ophunzitsidwa bwino chonchi mutu umawazungulira, kuli bwanji marefu athu? Pa mpikisano wa makalasi, mphunzitsi mmodzi kapena mnyamata wa Fomu 4 amayimbira masewero atatu motsatizana, nkhomaliro asanadye, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Onyamula mbendera palibe, mizere inafufutika kalekale, ochemerera afika mpaka m'bwalo, aliyense akukuwa zake. Ndiye tikufuna aone ofusayidi ali pakati pagalaundi? Ayi, tikumulakwira.

Ena anena kuti, "Ndiye kuti refu tisamamudzudzule? Nanga okondera aja?" Zoona, okondera alipo, ndipo kaputeni ali ndi ufulu wokadandaula kwa aphunzitsi a zamasewero mpira ukatha. Koma kumutukwana mpira uli m'kati sikumutsegula maso. Munthu wamantha amayamba kuganiza za mmene atulukire pagalaundi, osati za mpira, ndipo apa ndi pomwe amalakwitsa kwambiri. Mapeto ake palibe amene adzafune kugwira wezulo, masewero athu n'kufa.

Pempho langa ndi ili. Refu mmodzi aziyimbira masewero amodzi okha patsiku, ena azisinthana naye. Tikamatunga madzi a osewera kumjigo, botolo la refu lizikhalapo, ndipo kukatentha kwambiri masewero aziima pang'ono kuti onse amwe, monga amachitira kumasewero akuluakulu. Kalasi yomwe sikusewera izipereka anthu awiri onyamula mbendera ndi wina wosunga nthawi, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Atsikana oyimbira netibolo nawonso zimenezi ziwakhudze.

Ndipo iwe amene umakuwa kwambiri kumbuyo kwa golo, sabata yamawa wezulo ndi yako. Udzatiuze mutu ukumva bwanji pa mphindi 80.