Nkhwani wotendera si ndiwo za antchito

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule za amayi anzanga a kumayadi kuno ku Lilongwe.

Sabata yatha ndinakacheza kwa m'bale wanga ku Area 10. Nditaphika nkhwani wotendera, ana anakana kudya, ati zimenezo ndi ndiwo za antchito, iwo akufuna tchipisi ndi soseji basi. Mtima unandiwawa.

Kodi chatisintha n'chiyani? Makolo athu amene anabwera kuno likulu litachoka ku Zomba mu 1975 anatilera ndi chisoso, bonongwe ndi mfutso. Lero masana mabwana a ku City Centre amathamangira nsima ya mgaiwa ndi chigwada m'malo odyera, koma kunyumba amachita nazo manyazi.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Gulani nkhwani wanthete pamsika waukulu wa ku Old Town, musadzule ndi kuduladula. Wiritsani ndi madzi pang'ono ndi mchere, ikani matimati, kenaka nsinjiro, muzitakasa mpaka zipse. Soda musachulutse, amapha mavitamini.

Amayi, tiyeni tiphunzitse ana athu, ndi anyamata omwe. M'mera m'poyamba.

Mayi wokhudzidwa,
Area 3, Lilongwe.